Mmisiri wa mipeni atiuze tsiku loona

Mu Lusaka muno mpeni si chinthu chosowa. Munthu akhoza kulowa m'masitolo a ku Kamwala kapena kudutsa pakati pa mabenchi a ku Soweto Market n'kutuluka ndi mpeni wochokera kunja pa mtengo wosaboola m'thumba, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ukhala ukudula kale anyezi ndi repu. Komabe alipo anthu amene mpeni wa m'sitolo suwakwanira. Ophika a m'mahotela ndi a m'malo ogona alendo okaona nyama ku Luangwa, eni mabutchala amene amasenda ndi kudula nyama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, alenje, ngakhalenso makolo ofuna kupatsa mwana wawo mphatso yokhalitsa pa ukwati, amapita kwa mmisiri wodziimira payekha n'kukamuuza kutalika kwa mpeni umene akufuna, kulemera kwake, ndi thabwa loti likhale chigwiriro. Anthu amenewa akakumana dandaulo lawo limakhala limodzi, lakuti mpeni wa oda umachedwa.

Ine ndikuona kuti m'dandaulo limeneli mwasakanikirana zinthu ziwiri zofunika kuzilekanitsa. Kudikira miyezi itatu, ngakhale isanu ndi umodzi, kuti munthu mmodzi akupangireni mpeni ndi manja ake n'koyenera, ndipo pa chimenechi ndimuikira kumbuyo mmisiri. Koma kuuzidwa kuti mubwere Lachisanu pamene mmisiriyo akudziwa bwino lomwe kuti chitsulo chake sanachigule n'komwe ndi chinyengo, ndipo chinyengo chimenechi chikudya ntchito ya amisiri onse, oona mtima omwe.

Ambiri amene amadandaula za kuchedwa sanaimepo pambali pa chipala kuti aone mmene ntchitoyi imayendera. Mpeni wabwino suchokera ku chitsulo chilichonse. Zitsulo zomangira nyumba, zonga zimene zimapangidwa ku Kafue, zili ndi kaboni wochepa, pamene kaboniyo ndi amene amachititsa kuti chitsulo chithe kulimbitsidwa ndi moto, ndipo ngakhale muzinole chotani zimabuntha msanga. Mmisiri amafuna chitsulo cha kaboni wambiri. Ena amatola masipuling'i a magalimoto akale ndi matupa otha mano, ena amaitanitsa zitsulo zodziwika ndi manambala ake monga 1084, 5160 kapena N690, makamaka kuchokera ku South Africa. Akachisula kapena kuchidula, n'kuchipala mpaka chitatenga maonekedwe a mpeni, ntchito yoopsa imakhala isanayambe, chifukwa chitsulocho chiyenera kulimbitsidwa ndi moto.

Ndinaonererapo mmisiri wina wa ku Kalingalinga akuchita zimenezi dzuwa litapendeka, popeza masana kuwala kumabisa mtundu weniweni wa chitsulo chotentha. Anakwirira mpeniwo m'makala, mnyamata wake akuvukuta moto, ndipo pakapita kamphindi ankautulutsa ndi mbaniro n'kuugunditsa ku maginito amene anawamangirira pa waya. Chitsulo chikafika pa madigiri pafupifupi 770 chimaleka kukokedwa ndi maginito, ndipo apo mmisiri amadziwa kuti kwatsala pang'ono. Anachibwezera pamoto kuti chipitirire madigiri 800, kenaka anachiviika mofulumira m'chitini cha oilo wofunda. Utsi unafuka, lawi linatumphuka pamwamba pa oiloyo, koma iye sanasunthire dzanja cham'mbali ngakhale pang'ono, chifukwa mpeni wogwedezeka pa nthawi imeneyi umakhota. Atautulutsa anaukwecha ndi tupa, ndipo tupayo inangoterereka osaluma, kusonyeza kuti chitsulo chalimba. Komatu mpeni wongotuluka mu oilo suchedwa kuthyoka, moti utagwa pa simenti ukhoza kusweka. Uyenera kulowa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200 kwa maola awiri, kuzizira, n'kulowanso kachiwiri kuti ukhale wolimba koma wosathyoka. Ndipo si mpeni uliwonse umene umapulumuka. Wina umatuluka utakhota, wina uli ndi kamng'alu kamene sikaoneka mpaka mmisiri atayamba kusalaza, ndipo zikatero ntchito ya masiku angapo yatayika, ayenera kuyambiranso.

Chitsulo chosachita dzimbiri, chimene ophika ambiri amachikonda, n'chovutirapo. Chimafuna kutentha koposa madigiri 1,000, kosakwera kapena kutsika kwa mphindi zingapo, ndipo makala sangathe kusunga moto mwa mtundu umenewo. Pamafunika ng'anjo yamagetsi. Aliyense wokhala mu Lusaka akudziwa tanthauzo la zimenezi. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa kwambiri madzi ku Kariba, boma linalengeza mu February kuti dziko lagwa m'ngozi, ndipo pofika mu September madera ambiri ankakhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Mmisiri amene makina ake opalira ndi kusalaza chitsulo amadalira magetsi ankayesa kupanikiza ntchito ya tsiku lonse m'maola atatu, nthawi zina a pakati pa usiku, ndipo ng'anjo sakanayerekeza kuiyatsa asakudziwa ngati magetsiwo akhalitse. Jenereta yaing'ono imayendetsa galainda koma ng'anjo siikwanitsa, ndipo mafuta ake amameza phindu.

Chigwiriro nachonso chili ndi nthawi yake. Thabwa la mukwa kapena la muwanga logulidwa ku Buseko kawirikawiri limakhala lidakali ndi madzi, ndipo akalipentala amati thabwa lokhuthala inchi imodzi limafuna pafupifupi chaka kuti liume lokha pamthunzi. Mmisiri akamangirira thabwa laliwisi m'nyengo ya mvula, likafika dzuwa la October limafota, pakati pa thabwa ndi chitsulo pamatseguka kampata kolowa madzi ndi magazi a nyama, ndipo misomali yake imayamba kugwedera. Malamba a sandipepala, guluu wolimba ndi timitengo ta buraasi topangira misomaliyo, zambiri mwa izo zimachita kuwoloka pa Chirundu kapena pa Kazungula, ndipo katundu wapamsewu safika tsiku limene munthu akufuna.

Pamwamba pa zonsezi pali masamu amene wogula sawaona. Mpeni wanu pawokha mwina umafuna masiku anayi kapena asanu a ntchito, koma chimene mumadikira ndi mipeni ya anthu onse amene anafika inu musanafike. Tiyerekeze kuti mmisiri amamaliza mipeni iwiri pa sabata ndipo m'kope mwake muli maoda 40. Wolembetsa lero adzalandira wake patapita masabata 20, pafupifupi miyezi isanu, ndipo apo n'kuti palibe mpeni wong'aluka, palibe maliro kumudzi ku Katete, palibe malungo. Fakitale ikachulukiridwa maoda imalemba antchito ena n'kugula makina ena. Mmisiri wodziimira payekha ali ndi manja awiri okha, ndipo manja omwewo ndi amene wogula anawatsata posiya mpeni wa m'sitolo. Walira mvula walira matope.

Kudikira kotere si kwa kuno kokha, ndipo kunja n'kotalikirapo. Ku Orlando, m'chigawo cha Florida ku America, kuli kampani yaing'ono ya Randall Made Knives, imene Bo Randall anaiyambitsa mu 1938, ndipo munthu woitanitsa mpeni mwachindunji kumeneko amadikira zaka zisanu kapena kuposerapo. Anthu akupitirizabe kulembetsa, chifukwa amauzidwa poyambirira penipeni nthawi imene mpeni wawo udzatumizidwe, amapereka chikole chochepa, ndipo ndalama zotsala amazamaliza nthawi yawo ikayandikira. Bob Kramer, mmisiri wa mipeni ya kukhitchini wa m'chigawo cha Washington, ataona kuti mndandanda wake watalika mopitirira muyeso, anasiya njira yolembetsa mayina pamzere n'kuyamba kugulitsa kudzera m'maere ndi m'malonda opikisana mitengo. Njira ziwirizi n'zosiyana kwambiri, ndipo yachiwiriyo siingatithandize kuno kumene ogula ndi ochepa, koma m'njira zonse ziwiri wogula amadziwa pamene waima.

Kwathu kuno nthawi zambiri zimayenda mwina. Wogula akafunsa kuti mpeni udzatha liti, mmisiri amayang'ana nkhope yake n'kutchula tsiku limene akuganiza kuti limusangalatsa, kope lija osalitsegula. “Masabata awiri basi, abwana.” Wogula amatumiza theka la ndalama pa foni, mwinanso zonse. Masabata awiri akatha amamva kuti chitsulo chili m'njira. Mwezi ukatha amamva kuti kwangotsala kupolisha. Kenaka foni imayamba kungoitana osayankhidwa, mauthenga a pa WhatsApp akuoneka kuti awerengedwa, pamene pa Facebook pakutuluka zithunzi za mipeni yatsopano yonyezimira imene mmisiri yemweyo akugulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama m'manja.

Ndikudziwa mayi wina wa ku Chilenje amene analembetsa mipeni itatu ya kukhitchini kuti akapereke pa kitchen party ya mwana wawo wamkazi. Anapita kukadali nthawi, anatchula tsiku la mwambowo momveka bwino, ndipo mmisiri anawatsimikizira kuti asadere nkhawa. Litatsala tsiku limodzi, mayiwo anathamangira m'tauni kukagula mipeni ya m'bokosi kuti asakafike pagulu chimanjamanja. Mipeni ya oda ija inafika ukwati utapita kale, ndipo ndinaigwira ndi manja anga: inali yabwino zedi, yopepuka m'dzanja, yodula phwetekere wakupsa popanda kumufinya. Koma mpaka lero mayiwo akamva mnzawo akuganiza zolembetsa mpeni amamuletsa. Akanauzidwa poyamba kuti sizitheka pa tsiku limenelo, akanagula mphatso ina n'kudikira mipeniyo mtima uli m'malo, ndipo lero bwenzi akutumiza anzawo kwa mmisiri yemweyo.

Sindikhulupirira kuti amisiri otere ndi aulesi kapena akuba. Gwero la vutoli ndi kusowa kwa mpamba. Mmisiri wamng'ono sangayerekeze ngongole ya kubanki ndi chiwongoladzanja chake, choncho chikole cha kasitomala wa lero ndi chimene chimagula chitsulo cha kasitomala wa mwezi watha, kulipira lendi ya shedi ndi kugula yunifolomu ya mwana. Munthu amene wafika pamenepa sangakane oda ina iliyonse, ndipo sangatchule tsiku loona poopa kuti ndalamayo imudutsa. Oda yatsopano iliyonse imamupumitsa sabata imodzi n'kutalikitsa mzere ndi sabata ina. Kwacha nayonso imawonjezera mavuto. Mu September 2022 dola imodzi inkagulidwa ndi pafupifupi K16, koma pofika kumapeto kwa 2023 inali itapitirira K25. Mtengo umene anagwirizana miyezi yapitayo sukwaniranso kugula chitsulo chochokera kunja, ndiye oda yakale imasanduka yoluza, ndipo mmisiri amangoikankhira kutsogolo akuthamangira ya mtengo watsopano. Wodikira nthawi yaitali kuposa onse ndi amene amathera kumapeto kwa mzere.

Ena anena kuti ndikulankhula ngati munthu amene sadziwa njala, kuti mmisiri akanena zoona kasitomala amatembenuka n'kupita kwa wina wolonjeza masabata awiri. Zimenezi zimachitikadi, ndipo sindikuzipeputsa. Koma kasitomala wochoka chifukwa cha kumva zoona amachoka wopanda chakukhosi, ndipo akakapsa kwinako amabwerera. Wochoka atanamizidwa amachoka ndi anzake. Anthu ogula mipeni yotere mu mzinda uno si ambiri, ndipo amadziwana: ophika amasinthana mahotela, eni mabutchala amakumana kogula ng'ombe, ndipo dzina la mmisiri wosayankha foni limafika patali kuposa zithunzi zake.

Enanso amati chikole chithetsedwe, munthu azilipira mpeni uli m'manja. Apa sindigwirizana nawo. Makasitomala nawonso amasowa, ndipo mpeni wolembedwa dzina la munthu, kapena wonoledwa kuti ugwiritsidwe ntchito ndi wamanzere, suvuta kutha chaka pa shelefu. Chikole chikhalepo, koma chiperekedwe pa nthawi yake. Kulembetsa dzina m'kope kukhale kwaulere kapena kwa kandalama kochepa, ndipo mmisiri atchule mwezi, osati tsiku, atawerenga maoda amene ali patsogolo n'kuwonjezerapo masabata angapo a zogwa mwadzidzidzi. Nthawi ya munthuyo ikayandikira amuimbire, agwirizane mtengo molingana ndi mmene zinthu zikugulidwira pa nthawiyo, alandire ndalama yokwana kugula chitsulo, thabwa ndi chikopa cha chimake, ndipo kuchokera pamenepo tsiku limene watchula likhale losasintha. Mwa njira imeneyi kwacha ikagwa palibe amene waluza, ndipo ndalama ya munthu sikhala miyezi isanu m'thumba la wina ikugwira ntchito ina.

Zonsezi zilembedwe, kaya pa lisiti kaya mu uthenga wa pa foni: mtundu wa chitsulo, kutalika kwa mpeni, thabwa la chigwiriro, mtengo, mwezi, ndi chimene chidzachitike ngati mmisiri walephera, chimene chiyenera kukhala kubweza ndalama. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la mu 2010, bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, ndi khoti la milandu ya ndalama zochepa, koma konseko munthu amafunsidwa umboni, ndipo pangano la pakamwa pa shedi silisiya umboni uliwonse. Kulembaku kumatetezanso mmisiri kwa kasitomala amene amakumbukira zina zimene sananene. Ndipo mzere ukatalika kupitirira pamene mmisiri angathe kuona bwino, atseke kope kwa kanthawi. Kunena kuti pakadali pano sindikulandira maoda n'kowawa kwa munthu wodalira ndalama ya tsiku ndi tsiku, ndikudziwa, koma sikuwawa ngati kuzemba anthu amene uli nawo ngongole m'misewu ya komboni yako yomwe. Kuchedwa kukagwa ndithu, uthenga umodzi wotumizidwa tsiku lisanakwane, wokhala ndi chithunzi cha mpeni wong'alukawo, umazimitsa mkwiyo umene mafoni osayankhidwa amaukolezera.

Ogula nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo si yaing'ono. Ndife amene timafika ndi galimoto yaikulu n'kuwonjezera ndalama kuti oda yathu idumphe ya ena, ndipo mmisiri akavomera, amene amavutikira ndi wophika amene wakhala akudikira mwakachetechete kuyambira mu June. Achibale amafuna kutsogozedwa chifukwa cha ubale. Ena amasintha maganizo chitsulo chitalimbitsidwa kale, kufuna kuti mpeni ufupikitsidwe kapena ubooledwe pena, osadziwa kuti chitsulo cholimbitsidwa sichiboolekanso mosavuta. Tsiku la ukwati limadziwika miyezi yambiri lisanafike, komabe timapita kwa mmisiri kutatsala masabata atatu n'kumamukakamiza kuti avomere. Munthu amene wakana kumva yankho loona sayenera kudabwa akapatsidwa labodza.

Choopsa kwambiri pa kukakamizaku n'chakuti mpeni wothamangitsidwa suoneka kuti wathamangitsidwa. Mmisiri wopanikizidwa akhoza kuulowetsa mu uvuni kamodzi m'malo mwa kawiri, akhoza kumangirira thabwa losauma, akhoza kuchotsa chopanira guluu asanagwire, ndipo pa tsiku lokautenga udzanyezimira mofanana ndi wina uliwonse. Zolakwikazo zimadzatulukira patapita miyezi, pamene kukamwa kwa mpeni kwagumuka pa fupa la mbuzi kapena chigwiriro chang'ambika. Wogula amene amakondwa kuti wafulumizitsa ntchito nthawi zambiri wangosinthanitsa masabata atatu ndi zaka zambiri zimene mpeniwo ukanamutumikira.

Komabe tisatengere kunja maganizo akuti mzere wautali ndi chizindikiro cha luso. Mzere umatalika chifukwa cha luso, koma umatalikanso chifukwa cha kusalongosoka, ndipo woima panja sangasiyanitse. Luso limayesedwa pa mpeni weniweniwo. Bungwe la American Bladesmith Society, limene linakhazikitsidwa mu 1976, limayesa amisiri ake powauza kuti mpeni umodzi udule chingwe cholendewera ndi kutema kamodzi, udule thabwa kawiri, umetebe ubweya wa pamkono pambuyo pa zonsezo, kenaka upindidwe mpaka madigiri 90 osaduka. Wogula wa mu Lusaka sangachite mayeso amenewa pa shedi, koma akhoza kupempha kuti aone mpeni wa mmisiriyo umene wakhala ukugwira ntchito m'butchala kwa chaka, ndi kufunsa mwini wake mafunso awiri: amaunola kangati, ndipo unafika pa nthawi imene analonjezedwa kapena ayi.

Mzere weniweniwo ukhoza kufupikitsidwa popanda kuwononga ntchito, ndipo njira zake sizifuna ndalama zambiri ngati mmene zimafunira kugwirizana. Amisiri angapo atasonkherana n'kuitanitsa chitsulo ndi malamba pamodzi, mtengo wa mayendedwe ungatsike ndipo chitsulo chingamakhale pa shelefu oda isanabwere. Ng'anjo imodzi yamagetsi ikhoza kutumikira mashedi angapo, mipeni yonse ikulimbitsidwa pa tsiku limodzi logwirizana. Chimake chikhoza kusokedwa ndi wosoka zikopa, amene ndi ntchito yake, m'malo moti mmisiri wa chitsulo ataye tsiku ndi singano. Kusalaza ndi sandipepala, kumene kumadya maola ambiri kuposa gawo lina lililonse, ndi kumene mnyamata wophunzira ntchito ayenera kuyambira, ndipo achinyamata omaliza maphunziro a zachitsulo m'masukulu olembetsedwa ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, alipo amene akufuna poyambira. Mmisiri asunge m'manja mwake magawo awiri amene amapanga mpeni kukhala wake, kupala kukamwa ndi kulimbitsa chitsulo, ndipo auze wogula poyera kuti ndi magawo ati amene agwiridwa ndi ena, kuti wolipira mtengo wa ntchito ya manja adziwe manja amene akulipira.